Khutu la Kholowa

Lolemba lapitali amake Esinati anabwera kudzatenga nsalu yawo ndisanaidule.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine ndine telala, ndipo makina anga ali pakhonde la sitolo ya Mmwenye pa Khonjeni pano, moyang'anana ndi njanji. Pakhondepo ndaona zambiri. Ena amabweza malaya ati manja atalika, ena amabwera ndi kabudula wa mwana kuti ndimukulitse, ngati kuti nsalu imamera ikathiriridwa. Koma nsalu yoyera ya ukwati, mtsikana wake nditamuyeza kale, kuchoka pakhonde langa ili chipindire? Phazi linaima lokha pa makina.

Ndinawafunsa ngati apeza telala wondiposa, kuti nanenso ndikamuone. Anati ayi, nkhani si ya kasokedwe. Nsaluyo akukaibweza kwa amene anaigula, mnyamata wotchedwa Sayimoni wogwira ntchito kufakitale ya tiyi, chifukwa alongo awo a Banaba aimitsa ukwati.

A Banaba ena a inu mukuwadziwa. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ndiwo mwinimbumba kwa amake Esinati. Iwo akati ayi, ndiye kuti ayi.

Kodi mnyamatayo waba? Ayi. Amamwa? Ngakhale thobwa likangowawasa pang'ono amalikana. Ali ndi mkazi wina kumalaini a antchito? Ayinso. Nanga walakwa chiyani?

Walakwa kuyankha funso. Nthawi itakwana yoti ankhoswe a mbali ziwiri aonane, a Banaba anamuitana n'kumufunsa, monga mwa mwambo, kuti amalume ake ndani ndipo ali kuti. Mnyamata uja anaweramitsa mutu nati amalume ake ndi Kholowa, ali kundende ya ku Zomba.

Basi, ukwati unaima pomwepo.

Kwa inu achinyamata, ndi inu alendo amene mwawoloka Ruo chaposachedwapa, ndikuuzeni mosabisa. Kholowa anapha munthu. Zinachitika pamowa zaka zapitazo, masana, anthu akuona. Anakangana ndi a Matiyasi, mnzake wodulira naye tiyi, pa nkhani ya mbuzi imene inadya chinangwa. Anawamenya kamodzi m'mutu ndi mpini wa khasu, ndipo a Matiyasi sanadzukenso. Iye sanathawe, anakhala pansi pomwepo mpaka apolisi anabwera. Khoti lalikulu la ku Kabula linati anyongedwe, kenaka Bwanamkubwa anasintha kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. A Matiyasi anasiya mkazi ndi ana aang'ono, ndipo mayiyo mpaka lero amathyola tiyi, dengu lili kumsana, pa msinkhu woti akanakhala akupumula. Izi ndaziika poyamba kuti wina asadzati telala wayamba kutsuka wakupha.

Mlongo wake wamkulu wa Kholowa, a Roda, zitachitika izi sanathe kukhalanso kuno. Akafika kumtsinje, amayi anzawo ankasuntha mitsuko. Anatenga mwana wawo Sayimoni, akadali wamng'ono, n'kusamukira ku Goliati. Mwanayo wakulira kumeneko, wabwerera kuno ali ndi ndevu kudzafuna ntchito, ndipo palibe amene anamuzindikira mpaka tsiku limene anatchula yekha dzina lija.

Tsono pakhonde la telala nkhani sichedwa kufika. Pofika Lachiwiri, aliyense wodikira sitima anali atasanduka katswiri wa ubwana wa Kholowa.

Mayi wina wogulitsa nthochi anati iye uja anabadwa ndi mano, azamba anathawa m'nyumba kusiya ndi nsalu zomwe. Bambo wina anamutsutsa, ati mano anamera nthawi yake koma anayambira m'mwamba, ndipo akuluakulu ananeneratu kuti mwana uyu adzatigwetsa m'mavuto. Wina anati ankadya ndi dzanja lamanzere. Wina anati ali mwana maso ake ankafiira akangoona nkhuku ikuzingidwa. Wa masoyu ndinamuyang'anitsitsa, chifukwa ndikukumbuka bwino tsiku limene anafika kuchokera kwa Apwitikizi, mkeka uli pamutu, Kholowa ali kale ku Zomba. Ndinamufunsa kuti maso amenewo anawaonera kuti. Anati anamva kwa anthu odalirika.

Koma abale inu.

Nkhani yaikulu, imene onse ankamalizira, inali ya khutu. Ati Kholowa ali mwana analimbirana mbewa ndi mnzake kudambo, n'kumuluma khutu mpaka kuchotsa kachidutswa, n'kulavula, n'kuyamba kuseka. Nkhani iyi mwini wake ndi a Banaba. Akhala akuikamba kwa zaka, ngakhale m'tchalitchi polangiza makolo kuti choipa chimaoneka mwana akadali wamng'ono. Ine ndimapemphera mpingo wina, ndiye inali isanandipezepo mpaka sabata ino. Nditaimva ndinaseka mpaka ulusi unaduka, koma sindinauze munthu chimene ndinkaseka.

Poti ine Kholowa ndimamudziwa ndekha, osati kudzera mwa anthu odalirika.

Tinawoloka Ruo tsiku limodzi, m'chilimwe, madzi akulekeza m'mawondo mwa akuluakulu koma ife akutifika m'khosi. Makolo athu ankathawa mbalamatodya wa Apwitikizi, chithabwa chija ankamenyera munthu m'manja akalephera msonkho. Mayi anga anasenza mphika ndi mbewu ya kalongonda. Mayi ake a Kholowa anabereka wakhanda amene sanakhalitse, ndipo Kholowayo anamugwira dzanja ndi a Roda. Bambo ake anatsala, ati atitsatira akakolola mapira. Mpaka lero akukololabe.

Tinakhala pa malo a mzungu wina amene dzina lake linatikanika, tinkangoti Bwana Ndevu. Tiyi kunalibe masiku amenewo. Mapiri obiriwira mukuwaonawa anali tchire, fodya, ndi khofi wouma amene anakana dziko lino. Akuluakulu ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, ife ana tinkatola mbozi m'masamba a fodya ndi kupirikitsa anyani m'chimanga. Tiyi atabwera, ntchito yathu inali kuthirira nazale ndi timitsuko. Mitengo ina imene mukuthyola lero, madzi ake oyamba anatunga ndi Kholowa.

Anali mwana wotani? Sabata yonseyi ndakhala ndikufunafuna m'mutu mwanga chizindikiro chija anthu akunena, ndipo zimene ndapeza ndi izi.

Ankaopa achule. Mnyamata woti njoka ankaigwira kumchira, koma chule akangodumphira m'kamtsuko kake, kamtsuko pansi, iye liwiro mpaka kwa mayi ake. Timitsuko tingapo tinatha chifukwa cha achule, ndipo kapitawo wa kunazale anafika pomusinthira ntchito kuti azikadula udzu wofolera mbande.

Ankadya ndi dzanja lamanja ngati inu ndi ine, ndipo ankadya kwambiri. Kalongonda wosapsa anamuzunguzapo mutu kangapo, chifukwa chosadikira kuti mayi ake ataye madzi oyamba. Tinkamupeza atagona kuseri kwa nyumba akuti denga likuyenda, mawa lake n'kubwereza zomwezo.

Kupsa mtima? Ankapsa, sindikana. Koma akapsa mtima ankapita kukakhala yekha pachulu, atatipatsa msana, mpaka njala imubweze. Pa ndewu za kudambo iye sanali woyamba, sanalinso wachiwiri.

Chimene ankadziwa kuposa tonse ndi kulira ngati sitima. Njanji itangofika kumene, anasema kabango kake n'kumabisala m'tchire masana. Akangoliza, amayi onse ogulitsa nthochi ndi mbatata yootcha ankanyamuka, malichero pamutu, liwiro la ku siteshoni, ana kumbuyo akulira, n'kukapeza njanji ili zii. Tsiku limene anamugwira, amayi aja anamukwapula mosinthana, koma ena ankakwapula akuseka. Ngati mukufuna mlandu wa ubwana wa Kholowa ndi umenewu, ndipo chilango chake analandira chonse tsiku lomwelo.

Kusukulu ya mishoni tinayamba limodzi. Iye analekezera pa kulemba dzina lake, chifukwa dzinja lililonse kapitawo ankabwera kudzatola ana, ndipo kwawo kunalibe bambo woti agwire thangata m'malo mwake. Tinavinidwa limodzi. Nkhondo ya Ajeremani itabwera tinasenza limodzi katundu wa asilikali, ndipo atabwerako anayamba kumwa mosadziletsa. Musati ndikunena kuti nkhondoyo ndiyo inapha a Matiyasi. Tinapita ambiri, tinabwerako tili mafupa okhaokha, ambiri tinamwa, koma mpini uja anatola ndi iye yekha.

Tsono ndikufunseni, anzanga. N'chifukwa chiyani munthu akapalamula mlandu waukulu timathamangira kukafukula ubwana wake n'kuusoka mwatsopano kuti umuyenere? Ntchito imeneyi ine ndimaidziwa, malaya akakula timawabweza m'mbali. Koma ine ndimachita zimenezi ndi nsalu, inu mukuchita ndi moyo wa munthu.

Ndipotu sitichita kwa opalamula okha. Mwana wa kuno akangokhala kalaliki wa kuboma, mumva anthu akulumbira kuti ameneyu anali wanzeru chibadwire, ankawerenga nyemba akadali kumsana. Alipo wina wotero amene ndinakhala naye benchi limodzi kusukulu. Aphunzitsi akamufunsa funso ankalira mpaka mamina, ndipo sileti yake ankainyambita m'malo molembapo. Lero amavala nsapato zolira, ndipo mayi amene ankamuthamangitsa m'munda mwawo akuti anaona kale kuti adzakhala bwana. Anaona liti?

Za kalalikiyo tingaseke, palibe amene akuvulala. Koma bodza lomwelo likatembenukira kwa wakupha, limagwera ana amene sanalakwe.

Ine ndiganiza kuti timachita mantha. Tikavomera kuti wakupha anali mwana wamba, wosusuka, woopa achule, ndiye kuti ana athu akusewera pafumbiwa sitingawalumbirire. Ngakhale ife eni sitingadzilumbirire. Ndiye timakonda kumva kuti anabadwa ndi mano, kuti tikafika kunyumba tisuzumire m'kamwa mwa khanda lathu, tipezemo nkhama zokhazokha, mtima ukhale pansi.

Ndipo kuno kumaesiteti bodza lotere limamera msanga kuposa kwina. Kumalaini, ndani anaona mnzake akukwawa? Uyu wachokera kutsidya la Ruo, uyu ku Chiradzulu, uyu sanena n'komwe. Ubwana wa munthu ulibe mboni, ndiye woyamba kutsegula pakamwa ndiye amakhala mwini mbiri.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti ife tomwe timadziwa kuwawa kwake. Ndi kangati tatukwanidwa pamsika kuti ndife Anguru, ati tonse ndife akuba, ati zili m'magazi? Timabwerako tikudandaula njira yonse kuti munthu aziweruzidwa ndi ntchito za manja ake. Tikafika kumudzi, mwana wa mnzathu wabwera ndi nsalu yoyera m'manja, ife n'kuyamba kumuwerengera magazi a amalume ake. Kodi tili bwinobwino ife?

Lachinayi a Roda anatulukira pakhonde langa, wapansi kuchokera ku Goliati, mapazi ali mbuu, mwana wawo ali pambuyo. Tinali tisanaonane chichokereni. Akalamba kuposa zaka zawo, koma kulankhula Chilomwe mothamanga ngati wina akuwapirikitsa sanasiye. Anati a Banaba aitanitsa anthu Loweruka kuti nsalu ibwezedwe poyera, ndipo iwo alibe mwamuna wa kumtundu woti akhale nawo pamphasa. Anandikumbutsa kuti mayi anga ndi mayi awo ankaphikira pa mafuwa amodzi, ndiponso kuti ine ndi mlongo wawo tinavinidwa limodzi. Pamenepo munthu ungakane bwanji?

Sayimoni anaima pambuyo pa mayi ake. Ndi mnyamata wamtali, zala zake zakuda ndi madzi a masamba a kufakitale, ndipo amayenda ngati akupepesa nthaka. Ndamva kuti kuntchito anzake amamusiyira matumba olemera chifukwa sabweza mawu. Nditamuona ndinazindikira chifukwa chake. Mwana uyu wakula akuopa mkwiyo wake womwe, umene mwina alibe n'komwe. Zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Esinati naye, ati chiyambire Lolemba chakudya akungochiyang'ana, ndipo wauza mayi ake kuti nsaluyo ikabwezedwa asadzavutike kumufunira wina.

Mayi a kunyumba kwanga atamva kuti ndavomera, anati ndikukalowa m'nkhani za eni, ndipo a mpingo wa a Banaba akayamba kukasoketsa kwina ndisadzabwere ndi nkhope yachisoni. Ndinati ndamva. Loweruka m'mawa ndinapeza andisitira malaya, ndipo iwo anali atamanga kale duku, ati akungondiperekeza.

Masana ake tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa amake Esinati. Anthu anabwera ambiri kuposa amene anaitanidwa, monga mwa nthawi zonse. A Banaba anakhala pampando, jekete lili pathupi, lomwenso ndinasoka ndine. Anayamba ndi pemphero lalitali. Kenaka anati iwo mnyamatayu alibe naye chifukwa, koma tonse tikudziwa kuti mwana amatengera kuchikazi, ndipo amalume ake anaonetsa khalidwe lawo akadali aang'ono. Apo analowa m'nkhani ya khutu. Anaikamba bwino zedi, ndi mbewa yake, ndi magazi ake, mpaka amayi ena anagwira pakamwa.

Atamaliza ndinapempha mwaulemu kuti ndifunseko kanthu kamodzi.

"Akulu a mpingo, khutu lolumidwalo linali la yani?"

Anati la mwana wina wa nthawi imeneyo, dzina lawathawa.

Ndinati palibe kanthu, tithandizane kukumbuka, poti ana a kudambo lija, ine ndi iwo omwe, sitinali ambiri. Ndinavula chipewa n'kutembenuka uku ndi uku kuti anthu aone makutu anga, onse athunthu. Ndinatchula anzathu amene ali moyo, anthu n'kumavomera kuti makutu awo alibe chilema. Ndinatchula amene anatisiya, ndipo ena mwa amene anasambitsa mitembo yawo analipo pomwepo, nawonso anavomera. Pomaliza tonse tinayang'ana makutu a a Banaba, amene Mulungu sanawamane, ndipo nawo anali amphumphu.

Apo a Roda analankhula osadzutsa mutu. Anati mwa ana onse a kudambo lija, wa khutu loduka ndi mmodzi yekha, mlongo wawo Kholowa, khutu lakumanzere, ndipo ndi iwo amene anamugwira miyendo pamene mayi awo ankathira phulusa pabalapo.

Aliyense anali kulingalira ngati munthu angathe kufikitsa mano pa khutu lake lomwe. Ndinaona mkulu wina kumbuyo akupendeketsa mutu kuyeserera.

Amene anayamba kulankhula ndi amake Esinati. Anawomba m'manja kamodzi n'kuloza alongo awo ndi chala, ulemu wonse wa kwa mwinimbumba ataiwala, ngati abwerera ku utsikana.

"Banaba iwe, nkhuku yanga yamawanga ija amayi anakapereka kwa amake Kholowa, suja unali mlandu wa mano ako?"

Anthu anafa nacho chiseko. Zinapezeka kuti mayiwa akhala akuidandaula nkhukuyo moyo wawo wonse, poti inali yoyamba kupatsidwa ngati yawoyawo, ndipo inali itangoyamba kuikira. Nkhani ya khutu ankaimva m'tchalitchi, nkhuku ankaikumbuka kunyumba, koma anali asanaziikepo pamodzi.

Musafulumire kuwatcha a Banaba abodza. Ine ndinali kuwayang'ana nkhope, ndipo munthu uja anadabwa kuposa tonse. Anakhala kukamwa kuli yasa, kenaka anati iwo chimene amaona akatsinzina ndi Kholowa ataima m'dambo, magazi ali chuchuchu m'tsaya mpaka pachifuwa. Zoonadi, ndi mmene zinalili, poti magaziwo anali ake. Kholowa atapha munthu, mutu wa a Banaba unangotenga mano aja n'kuwapereka kwa amene ankaoneka kuti akuwayenera. Nkhaniyo anaikamba kambirimbiri mpaka anaikhulupirira okha.

Chiseko chitatha anapukuta thukuta, nalankhulanso.

"Chabwino, khutu ndinaluma ndine. Koma a Matiyasi sindinawaphe ine. Mwana wa mlongo wanga ndikamupereka, ine ndizigona bwanji?"

Pamenepo sindinaseke, poti funsolo n'la munthu wokonda mwana. Ndinangoti ine sindingalumbirire mawa la munthu aliyense, ngakhale la mwana wobereka ndekha. Chimene ndabwerera n'kuchitira umboni kuti Kholowa ndinakula naye, ndinadya naye mbale imodzi, ndipo pamphumi pake panalibe cholembedwa chilichonse choti wina angachiwerenge pamphumi pa mphwake.

A Banaba anatembenukira kwa Sayimoni. Apa ndiyenera kufotokozera inu akutali. Kumalaini kuno, mnyamata wopanda abale akafuna kukwatira amabwereka amalume. Amapeza mkulu wina wa imvi zooneka bwino, amamugulira fodya, mkuluyo n'kukakhala pamphasa ngati mlongo wa mayi ake, n'kumatsokomola mwaulemu pamene pafunika. Tonse timadziwa, tonse timangoyang'ana kumbali, ndipo maukwati ambiri amene ndasokera madiresi anamangidwa ndi amalume obwereka. Ndiye a Banaba anafunsa mnyamatayo kuti bwanji iye sanachite chimodzimodzi, kapena kungonena kuti amalume ake anamwalira, poti palibe akanadziwa.

Sayimoni anayankha chogwada, mawu ali pansipansi.

"Ndinaganizapo, bambo. Koma Esinati akanadzazimva tsiku lina kumtsinje, kwa anthu oseka. Ndinafuna azimve kuchokera kwa ine, akadali ndi mpata wondikana."

Kuseri kwa nkhokwe, kumene atsikana anabisala kuti amvetsere, kunamveka wina akusisima. Sitinafunse kuti ndani.

A Banaba anakonza jekete lawo. Kenaka anauza mlongo wawo, mokhala ngati akukalipa, kuti asamangoyenda ndi nsalu ya anthu m'misewu, ida ndi fumbi, aibweze kwa telala. Ndiwo mavomeredwe a a Banaba amenewo, musayembekezere ena.

Komabe mwambo suthawika. Anati ukwati sumangidwa ndi mbali imodzi, mawa anawa akakangana iwo akadandaule kwa yani? Anafunsa kuti nkhoswe ya mnyamatayu ndani.

Ndinaimirira. Ndinati ine sindine malume wobwereka, ndipo sindinamiza munthu kuti ndine mlongo wa a Roda. Amalume ake a mwanayu alipo, ali moyo, dzina lawo ndi Kholowa, ali ku Zomba chifukwa cha mlandu umene anapalamula okha. Ine ndangowasungira malo pamphasa, ndipo anawa akadzakangana mudzandipeza pakhonde.

A Banaba anagwedeza mutu n'kundipatsa dzanja. Anawonjeza kuti ngati pali wopita ku Zomba akauze Kholowa kuti mphwake akukwatira, komanso akamukumbutse kuti nkhuku inaperekedwa kale, asadzayambitsenso nkhani.

Pobwerera a Roda anayenda nafe mpaka panjanji. Pamenepo anaima, napukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Anati chimangidwireni mlongo wawo, aka n'koyamba kumva dzina lake likutchulidwa pagulu popanda wina kulavula malovu pansi. Anatinso asanabwerere ku Goliati akufuna kukaona mkazi wa a Matiyasi, ngati angawalandire, poti zaka zonsezi manyazi anawatsekera njira. Kaya anawalandira kaya ayi, ine sindinafunse, ndipo inunso musakafunse.

Ndiye inu amene sabata yonse munali kundiuza za mano ndi maso ofiira pakhonde langa, mundithandize, poti mumaona patali. Mwana wanu akabwera madzulo ano kuchokera kudambo atamuluma mnzake, mukulera wakupha kapena mkulu wa mpingo?